Kutsata makalata akale, kuchokera ku Boston mpaka ku Lynchburg

Boston, Lolemba

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndinaphunzitsa History ku sekondale mpaka kupuma pantchito, ndipo mbiri ya America ndinkangoitenga m'buku lomwelo chaka ndi chaka. Tsopano poti mwana wanga wamkazi akuphunzira kuno ndipo wandiitana kudzacheza, ndaganiza zoti ndisamangokhala m'nyumba n'kumaonera TV iye ali m'kalasi. Ndikufuna kukaona makalata amene anthu a dziko lino ankalemberana kalekale: mwamuna ndi mkazi wake, mwana wasukulu ndi makolo ake, andale ndi adani awo.

M'mawa wandiperekeza mpaka pa siteshoni ya sitima yapansi, wandipatsa khadi yolipirira, n'kundilangiza. "Bambo, chipewacho musavule, mphepo ya Okutobala imalowera m'makutu. Mukasochera musachite manyazi, funsani." Ulendo umodzi ndi $2.40. Ndayamba kuwerengetsa m'makwacha, kenako ndasiya, chifukwa ukapitiriza masamu amenewo kuno sungadye.

Massachusetts Historical Society ili pa msewu wa Boylston, nyumba ya njerwa yosadzionetsera. Bungweli linayamba mu 1791. Pakhomo andifunsa chiphaso, chikwama andiuza kuti nditsekere m'kabati, ndipo m'chipinda chowerengera salola bolopeni, pensulo basi. Ndi muno mmene akusunga makalata a banja la Adams. John Adams, amene anadzakhala pulezidenti wachiwiri wa dzikoli, ndi mkazi wake Abigail analemberana makalata oposa 1,100 kuyambira ali pachibwenzi mu 1762 mpaka 1801. Ndawerengera pa kompyuta, chithunzi cha pepala lenilenilo mbali ina, mawu otayipa mbali inayo. Poyamba mtima unafuna kugwira pepalalo ndi manja, koma nditaona mmene inki yazimiririka m'mopinda, ndamvetsa chifukwa chake salitulutsa wambawamba.

Ndinabwera ndikuyembekezera mawu akuluakulu a ufulu wodzilamulira. Chimene chandigwira mtima ndi mapini. Mu Juni 1775 nkhondo ndi Angerezi itayamba kale, John ali ku msonkhano wa Congress ku Philadelphia kukambirana za tsogolo la dziko, Abigail akumulembera kuti amugulire mtolo wa mapini n'kuika m'bokosi lake, chifukwa kwawo asowa ndipo mtengo wakwera pafupifupi katatu. M'makalata a miyezi yotsatira akusimba za matenda a kamwazi amene analowa m'mudzi wa Braintree, n'kupha anthu ambiri, kuphatikizapo mayi ake omubereka mu Okutobala chaka chomwecho. Munda, antchito, ngongole, ana anayi, zonse zili pamutu pake. Mwamunayo akuyankha ndi nkhani za msonkhano.

Nkhomaliro ndadya supu woyera wa nkhono za m'nyanja amene anthu a kuno amanyadira. Madola khumi ndi awiri, ndipo pofika 3 koloko njala inali itabwerera.

Boston, Lachiwiri

Ndabwereranso komweko. Mayi wa pakhomo wandizindikira, wandisungira kabati ya dzulo lomwe.

Kalata ya pa 31 Malichi 1776 ndinkaitchula m'kalasi m'chiganizo chimodzi chokha: Abigail anauza mwamuna wake kuti polemba malamulo atsopano akumbukire amayi. Lero ndaiwerenga yonse. Akuti musaike mphamvu zopanda malire m'manja mwa amuna, pakuti mwamuna aliyense akanatha akanakhala wankhanza, ndipo mukatinyalanyaza tidzaukira, sitidzamvera malamulo amene sitinalankhulepo. M'kalata yomweyo akukayikira ngati anthu a ku Virginia amaukondadi ufulu, poti anazolowera kulanda anzawo ufulu womwewo. Yankho la John la pa 14 Epulo ndi loti sangachitire mwina koma kuseka. Ndaseka nane, koma mowawidwa. Amayi a dziko lino anadikira mpaka 1920 kuti malamulo a dziko lonse awalole kuvota.

Panalinso kalata imene inamuchititsa manyazi bamboyu. Mu Julayi 1775 analembera mnzake James Warren, n'kunyoza John Dickinson, mnzake wa mu msonkhano womwewo, kuti ndi munthu wachuma chambiri koma nzeru zachibwana. Wonyamula kalatayo anagwidwa ndi Angerezi pa doko lowolokera ku Rhode Island, ndipo iwo anaisindikiza m'nyuzipepala kuti aliyense aone. Akuti Dickinson anasiya kumupatsa moni pamsewu. Nthawi imeneyo kalata inkayenda m'manja mwa anthu ambiri, motero Abigail ankasayina dzina lobisa loti Portia, ndipo nkhani zina ankangozikhudza pamwamba.

Koma tsiku lonse ndathera pa mwana wawo John Quincy. Mu Juni 1777, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akulembera bambo ake kuti amakonda kulandira makalata kusiyana ndi kuwalemba, kuti mutu wake sukhazikika, maganizo amangothamangira ku mazira a mbalame ndi masewera. Akupempha bambo ake amulembere malangizo a kagawidwe ka nthawi. Ine amene ndachongapo makope a ana zaka zonsezi, ndamudziwa mwana ameneyu. Chaka chotsatira bambo ake anamutenga pa chombo kupita naye ku France, ndipo kalata ya mayi ake imene inamutsatira ndi yoopsa. Akumuuza kuti ngakhale amamukonda, kukanakhala bwino akanafera m'nyanja imene wawolokayo kusiyana ndi kudzamuona atasanduka mwana wopanda khalidwe. Mwana wa zaka khumi! Ali ndi zaka 14 anali kale ku St Petersburg, akumasulira Chifalansa kwa kazembe Francis Dana. Anaphunzirako ku Leiden, anamaliza ku Harvard mu 1787, mu 1825 anakhala pulezidenti. Wina anganene kuti kukhwima kwa mayiyo kunabala zipatso. Koma azing'ono ake awiri, Charles ndi Thomas, analeredwa ndi makalata amtundu womwewo, ndipo onse mowa unawasokoneza. Charles anamwalira mu 1800 ali ndi zaka 30.

Usiku ndamufotokozera mwana wanga nkhani imeneyi tikudya. Wangoti, "Ndiye Bambo, mauthenga anu a m'mawa uliwonse aja muchepetsa?" Sindinalonjeze.

Quincy, Lachitatu

Sitima ya mzere wofiira imafika mpaka Quincy Center, mtengo womwe uja. Dera limeneli kale linali mbali ya Braintree. Tinyumba tiwiri tamatabwa timene anabadwiramo John ndi John Quincy tayandikana pa msewu wa Franklin, magalimoto akudutsa pakhomo penipeni. Ndi tating'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Makalata ambiri amene ndawerenga masiku awiriwa analembedwa m'kanyumba kamodzi mwa timeneti, usiku, ana atagona.

Ndinafuna kukwera Penn's Hill, kumene Abigail anaima ndi John Quincy pa 17 Juni 1775 kuonerera utsi wa nkhondo ya Bunker Hill chapatali. Pa mapu pankaoneka pafupi. Mawondo anga anali ndi maganizo ena. Nditaima kupuma pa mpanda wa nyumba ina, gogo wina wamkazi amene ankasesa masamba pabwalo wandifunsa ngati ndili bwino. Nditamuuza kumene ndikupita, waika tsache pansi, watulutsa galimoto, wandikweza mpaka pa mulu wa miyala umene anamanga pokumbukira tsikulo, wandidikira, n'kundibweza mpaka ku tchalitchi cha pakati pa tauni. Ndayesa kumupatsa ya mafuta, wakana mpaka kukwiya pang'ono. Amati safunsa anadya phula, koma lero ine sindinafunse n'komwe.

Pansi pa tchalitchi cha United First Parish pali chipinda chimene agonamo anthu anayi: John, Abigail, John Quincy ndi mkazi wake Louisa. Denga lake ndi lalifupi, mumazizira. Sindinakhalitsemo.

Wotionetsa malo anasimba za John Adams ndi Thomas Jefferson, ndipo pamenepa mpamene ndinatchera khutu. Anali mabwenzi, chisankho cha 1800 chinawadanitsa, Adams anachoka mu Washington mbandakucha osadikira mwambo wolumbiritsa mnzakeyo. Mu 1804 mwana wamkazi wa Jefferson atamwalira, mwana amene Abigail anamusamalirapo ku London ali wamng'ono, Abigail analemba kalata yopepesa maliro mwamuna wake osadziwa. Jefferson poyankha analowetsamo ndale, mayiyo nayenso sanabweze moto, ndipo chipepeso chinasanduka mkangano wa makalata angapo. Anadzawayanjanitsa ndi dokotala Benjamin Rush, amene ankalembera uyu n'kulemberanso uyo mpaka Adams anatumiza kalata pa 1 Januwale 1812. Kuchokera pamenepo analemberana makalata 158, ndipo 109 mwa amenewo anali a Adams. Nkhalamba inali ndi zambiri zonena. Onse awiri anamwalira tsiku limodzi, pa 4 Julayi 1826.

Mu sitima yopita ku Philadelphia, Lachinayi

Tikiti anandigulira mwana wanga milungu ingapo yapitayo, akuti ukagula tsiku lomwelo mtengo umakwera kawiri kapena katatu. Ndakhala kumanzere monga anandiuzira, ndipo ku Connecticut njanji imadutsa m'mphepete mwa nyanja, mabwato oyera ali ndii m'madoko. Ulendo wa maola asanu ndi kanthu. John Adams ankayenda mtunda womwewu pa kavalo kwa milungu iwiri kapena kuposa.

Ndanyamula mazira owiritsa ndi buledi. Bambo amene ndakhala naye wagula khofi ndi kasangweji mu sitima momwemo, mtengo wake nditauona pa lisiti ndasenda dzira lachiwiri mokondwa. Ku New York sitima imalowa pansi, sindinaone kalikonse koma mdima ndi anthu othamanga.

Philadelphia, Lachisanu

Ndagona m'nyumba ya alendo yotchipa, chipinda cha anthu anayi. Anyamata awiri anafika pakati pa usiku akuseka. Ndivomere, ndinagona pasipoti ili m'thumba la malaya amkati, ndipo tulo sitinabwere bwino. M'mawa mmodzi wa iwo wandiphikira tiyi.

Mzere wokaona Liberty Bell, belu lotchuka lokumbutsa ufulu wa dzikoli, unali wautali, ndaudutsa. Ndapita pa msewu wa Market, pa kapositi ofesi kamene kali pa malo a Benjamin Franklin. Iye ndi amene msonkhano wa Congress unamusankha pa 26 Julayi 1775 kukhala mkulu woyamba wa mapositi. Mpaka lero amadinda makalata pamanja ndi chidindo cha siginecha yake. Ndatumiza khadi kwa mayi a kunyumba, sitampa yake yopitirira dola ndi theka. Ifika ine nditabwerera kale, koma palibe kanthu.

Apa ndi pamene ndamvetsa chifukwa chimene makalata akale aja alili opanikizana chonchija. Kale wolipira kawirikawiri anali wolandira, ndipo mtengo unkatengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala. Lamulo la 1792 linaika masenti 6 pa pepala limodzi lopita pafupi, mpaka masenti 25 likapitirira mamailosi 450. Kwa munthu waganyu imeneyo inali gawo lalikulu la malipiro a tsiku. Emvulopu inkawerengedwa ngati pepala lachiwiri, choncho anthu ankangopinda kalatayo, kumata ndi phula, n'kulemba adiresi kumbuyo. Ena pepala likadzaza ankalitembenuza cham'mbali n'kulembanso modutsa pamwamba pa mizere yoyamba. Mitengo inatsika mu 1845, ndipo masitampa oyamba a boma anatuluka mu 1847, ya masenti 5 ya nkhope ya Franklin ndi ya masenti 10 ya Washington. Aphungu a Congress ankatumiza ndi kulandira ulere. Choncho ukamva kuti andale a nthawi imeneyo anali akatswiri olemba makalata, kumbukiraninso kuti sankalipira.

Mumzinda muno ndi mmene Jefferson anasiya mwana wake Martha, wa zaka 11, kuti aphunzire, mayi ake atamwalira. Kalata yake ya mu Novembala 1783 ndi ndandanda ya tsiku lonse: kuyambira 8 mpaka 10 nyimbo, 10 mpaka 1 kuvina tsiku lina kujambula tsiku linalo, kenako kulemba kalata, Chifalansa, nyimbo kachiwiri, kuwerenga Chingerezi mpaka nthawi yogona. Akumuuzanso kuti asalakwitse sipelo ngakhale liwu limodzi, ndi kuti akachita zonsezi adzamukonda kwambiri. Mawu omalizawo sanandisangalatse. Chikondi cha bambo sichiyenera kukhala malipiro a mayeso.

Masana ndayenda wapansi mpaka ku Mother Bethel, tchalitchi cha AME (African Methodist Episcopal, mpingo wa anthu akuda) pa mphambano ya 6th ndi Lombard, chimene anayambitsa Richard Allen, munthu amene anadziwombola yekha mu ukapolo. Mpingo umenewu unali ndi nyuzipepala yake, Christian Recorder, ndipo nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865 inkadzaza ndi timauthenga ta anthu ofunafuna abale awo. Mayi akufunsa za mwana amene anagulitsidwa zaka makumi awiri zapitazo, akutchula dzina la mwini wake wakale, dera limene anamuona komaliza, n'kupempha abusa kuti awerenge uthengawo m'matchalitchi. Amenewa ndi makalata a banja nawonso, kungoti wolemba sankadziwa adiresi. Mauthenga otere anapitirira kutuluka mpaka zaka za m'ma 1900 zitayamba. Ndinakhala pa benchi panja nthawi yaitali ndisanapite kukafuna chakudya.

Ndadya sangweji ya nyama ya ng'ombe yowazawaza ndi tchizi imene mzindawu umatchuka nayo. Theka ndasungira madzulo.

Washington, Loweruka

Pafupi ndi Union Station pali nyumba yosungiramo mbiri ya mapositi, kulowa ulere. Ndaona ngolo yakale yonyamula makalata ndi masitampa osawerengeka. Miyendo inali itatopa kale, ndinakhala pansi kwambiri kuposa kuyenda.

Ku National Archives anthu amaima pamzere kukaona zikalata zikuluzikulu za dziko. Ine m'chikwama ndinali ndi mapepala awiri amene mwana wanga anandisindikizira, zithunzi za makalata amene akusungidwa ndi bungwe lomwelo. Ndawawerengera pa masitepe panja, mphepo ikufuna kundilanda.

Yoyamba ndi ya Annie Davis wa ku Bel Air, Maryland, ya pa 25 Ogasiti 1864, yopita kwa Pulezidenti Lincoln. Ndi mizere yowerengeka chabe. Akuti ndikufuna kukhala mfulu, ndikaone abale anga kutsidya la kum'mawa, dona wanga sakundilola, chonde mundiuze ngati tamasulidwa ndi chimene ndingachite. Funso lake linali lomveka. Chilengezo chomasula akapolo cha pa 1 Januwale 1863 chinkakhudza madera okhawo amene anaukira boma pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo Maryland sinaukire, choncho Annie anali adakali kapolo mwalamulo. Ukapolo unatha ku Maryland pa 1 Novembala 1864.

Yachiwiri ndi ya Hannah Johnson wa ku Buffalo, ya pa 31 Julayi 1863. Mwana wake anali msilikali mu gulu la 54th Massachusetts, la asilikali akuda, limene linali litangomenya nkhondo ku Fort Wagner. Mayiyu akuuza Lincoln kuti sanaphunzire kwambiri koma chabwino ndi choipa amachidziwa, kuti asilikali akuda akagwidwa asamagulitsidwe ukapolo, ndi kuti asayerekeze kubweza chilengezo chija. Salankhula mopempha ngati wapansi. Akumulangiza.

Apa pali chinthu chimene chakhala chikundivuta kuyambira ku Boston. Banja la Adams linasunga pepala lililonse chifukwa linali ndi nyumba yosasuntha kwa mibadwo inayi, mabokosi, ndi zidzukulu zodziwa kuti agogo awo ndi anthu a mbiri. Anafika pomanga laibulale yamiyala mu 1870 poopa moto. Annie Davis tikumudziwa chifukwa chimodzi chokha: analembera boma, ndipo kalaliki wina anaika kalatayo mu fayilo. Zimene ankauza abale ake a kutsidya kuja palibe anasunga. Ndakumbuka makalata amene malume anga ankatumiza ali ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Ine ndi amene ndinkawawerengera agogo pakhonde ndili ku pulayimale, n'kulembanso yankho lawo, kuyambira ndi moni wa mudzi wonse mpaka mbuzi imene yaswa. Ankawasunga m'chitini cha masikono. Chiswe, kudontha kwa denga ndi kusamuka zinamaliza onse. Dzina la malume mwina likadalipo m'kaundula wa kampani imene inawalemba ntchito, koma mawu awo ayi.

Komabe akuluakulu ena anadziwotchera okha. Martha Washington anatentha pafupifupi makalata onse a iye ndi mwamuna wake George, pulezidenti woyamba wa dzikoli, ndipo Jefferson nayenso sanasiye a mkazi wake. Iwo anali ndi mwayi wosankha chobisa.

Madzulo ndalowa m'lesitilanti ya anthu a ku Ethiopia, ali ambiri mumzinda uno. Mwini wake atamva kuti ndine wa ku Malawi wandionjezera ndiwo osalipiritsa, n'kunditcha m'bale. Ndadya ndi manja koyamba chichokereni ku Boston, ndakhuta.

Washington, Lamulungu

Ndapuma. Mvula yagwa tsiku lonse, bondo lakumanja latupa pang'ono. Ndachapa masokosi m'sinki.

Pogona ndawerenganso kalata imene ndimaikonda kuposa onse, ya Jourdon Anderson. Anali kapolo ku Big Spring, Tennessee, n'kukakhala mfulu ku Dayton, Ohio. Nkhondo itatha, bwana wake wakale anamulembera kuti abwerere kudzagwira ntchito pa munda. Yankho la pa 7 Ogasiti 1865, limene Jourdon ananena wina akulemba, ndi laulemu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ulemu wakewo ndi umene ukuluma. Akuti kuno ndikulandira $25 pamwezi, ana akupita kusukulu, mkazi wanga Mandy anthu amamutchula ndi ulemu. Kuti tikhulupirire kuti mwasintha, tiyambe mwatitumizira malipiro athu: ine zaka 32 pa $25 pamwezi, Mandy zaka 20 pa $2 pamlungu, zonse pamodzi $11,680. Muonjezere chiwongoladzanja, muchotsepo zovala zimene munatigulira, maulendo atatu a dokotala, ndi dzino limodzi limene anamuzula Mandy. Pomaliza akupereka moni kwa munthu wina amene analanda bwanayo mfuti tsiku limene ankafuna kumuombera. Nyuzipepala zinaisindikiza mwezi womwewo, n'chifukwa chake ilipo. Ndikanaidziwa ndili pantchito, ndikanaiphunzitsa m'kalasi ya masamu.

Lynchburg, Lolemba usiku

Sitima yadutsa Charlottesville, kwawo kwa Jefferson, dzuwa litapendeka, sindinatsike. Ndafika pa siteshoni ya Kemper Street kutada. Anthu amene tinatsika nawo analowa m'magalimoto awo mwamsanga, ndinatsala ndekha ndi foni ya batire lotsala pang'ono. Mantha anandigwira ndithu. Mnyamata wina wosesa wandilowetsa mkati, wandipatsa pochajira, wandiitanira takisi pa foni yake. Tauni yonse ndi zitunda, bondo langa lamva kale.

Lynchburg, Lachiwiri

Chimene chandibweretsa kuno nonse mukuchidziwa, nkhope yake mumayenda nayo m'matumba. John Chilembwe anachoka kwathu ndi Joseph Booth mu 1897, ndipo anadzaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College, sukulu ya Abaptisti akuda imene lero ikutchedwa Virginia University of Lynchburg. Mkulu wa sukuluyo nthawi imeneyo anali Gregory Hayes. Ndi sukulu yaing'ono, pa chitunda, yachete. Pali chikwangwani cha mbiri cha boma la Virginia chokhala ndi dzina la Chilembwe. Ndachiwerenga kawiri, ndajambulitsa, ndatumiza pa gulu la banja, ndipo mlongo wanga wayankha kuti jekete ndavalayo ndi yaikulu.

Atabwerera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chiradzulu, Chilembwe anapitiriza kulemberana ndi Abaptisti a kuno, makamaka a National Baptist Convention amene ankamuthandiza, ndipo mlembi wawo wa za mishoni anali Lewis Jordan. Ena mwa makalata ake anasindikizidwa m'nyuzipepala ya mpingowo, ndiye njira imene anapulumukira. Kwathu, kuukira kwa pa 23 Januwale 1915 kutalephera, boma la atsamunda linagumula tchalitchi chake. Ngakhale kalata yake yotchuka ya mu Novembala 1914 yopita ku Nyasaland Times, yofunsa chifukwa chimene Afirika osauka akufera nkhondo ya eni chuma n'kusiya amasiye, boma linaitsekereza kuti isafalikire. Poyenda m'misewu ya kuno ndimaganiza kuti anaona chiyani mnyamatayo mu Virginia wa zaka zimenezo, pamene malamulo a tsankho ankakhwima ndipo anthu akuda ankalandidwa voti, koma n'kumaonanso anthu akuda omwewo akuyendetsa sukulu, matchalitchi ndi nyuzipepala zawozawo.

Masana ndabwereka takisi kupita ku Poplar Forest, kunja kwa tauni pang'ono. Ndi nyumba ya makona asanu ndi atatu imene Jefferson anamanga kuti azithawirako alendo a ku Monticello, nyumba yake yaikulu ya ku Charlottesville. Munthu ameneyu analemba makalata pafupifupi 19,000 m'moyo wake. Anali ndi makina a zolembera ziwiri zolumikizana, ukamalemba ndi chimodzi chinacho chikukopera pa pepala lina, ndipo ankasunga kaundula wa kalata iliyonse yotuluka ndi yolowa. Chifukwa cha khama limenelo, kalata ya mayi wina dzina lake Hannah, kapolo amene ankaphika pa nyumba imeneyi, inasungika. Ndi ya mu Novembala 1818. Akudziwitsa bwana wake kuti nyumba ndi katundu zili bwino, kuti wamva chisoni kuti akudwala ndipo sabwera chaka chino, kenako akumukumbutsa kuti ayenera kuthokoza ndi kutumikira Mulungu amene wamuchiritsa. Akupepesa kuti kalata yake ndi ya munthu wosaphunzira. Wotionetsa malo anafunsa gulu lathu ngati tikuganiza kuti chisoni chakecho chinali chochokera pansi pamtima. Mzungu wina anati inde, mtsikana wina wakuda anati munthu amene angathe kukugulitsira mwana umamulembera zimene akufuna kumva. Ine ndinakhala chete, koma ndinali kumbali ya mtsikanayo, makamaka podziwa kuti Jefferson atamwalira ndi ngongole, anthu pafupifupi 130 a ku Monticello anagulitsidwa pa okushoni kuyambira mu Januwale 1827.

Woyendetsa takisi anandidikira nthawi yonseyi mita atazimitsa, akuti agogo ake anaphunzira ubusa pa sukulu ya pachitunda ija ndipo sangalipiritse munthu wochokera kwa Chilembwe ndalama yodikira. Ya ulendo wokha ndi imene walandira, madola makumi anayi kupita ndi kubwera. Tagwirizana kuti adzanditenge mawa mbandakucha, poti sitima yobwerera kumpoto imanyamuka m'mamawa, ndipo mpaka ku Boston ndi tsiku lathunthu. Mazira ndagula kale, a pa hotelo avomera kundiwiritsira.